Mano oikirira a m'kamwa monse: kuyambira podinda nkhama mpaka potafuna

Munthu amene mano ake onse anatha sabwera kuchipatala chifukwa cha njala. Nsima imamezeka popanda mano, phala ndiye osanena. Chimene chimamutulutsa m'nyumba ndi kuseka atatseka pakamwa ndi chitenje, kusiya kwaya chifukwa mawu akutuluka ndi mphepo, kukana nyama paukwati ponamizira kukhuta, ndi nkhope imene yafota mpaka chibwano kuyandikana ndi mphuno. Akakhala pampando wanu, akufuna nkhope yake ibwerere. Mukamupatsa chinthu chovinavina m'kamwa, chidzathera m'kapu pamwamba pa kabati, ndipo ndalama imene ana ake anasonkha yapita m'madzi.

Malangizowa ndalembera makamaka amene akuyamba kumene ntchito ya mano, kaya kuchipinda choonera odwala kaya kulabu, kuphatikizapo ophunzira a ku Malawi College of Health Sciences ndi a ku Kamuzu University of Health Sciences, kumene maphunziro a udokotala wa mano anayamba mu 2019 sukuluyo ikadali College of Medicine. Koma ngati muli ndi kholo limene likufuna mano oikirira, werengani ndithu, mumvetse chifukwa chake akuuzidwa kuti abwere maulendo asanu m'malo mwa umodzi. Mano amenewa amayezedwa m'kamwa mwa mwini wake pa ulendo uliwonse, ndipo palibe ulendo woti nkuudumpha.

Ulendo woyamba: funsani, yang'anani, nenani zoona

Musanatsegule chitini cha alginate, ufa wosakaniza ndi madzi umene timadindira nkhama, khalani pansi mucheze. Funso loyamba ndi lakuti dzino lomaliza linazulidwa liti. Ngati sipanathe milungu 6 mpaka 8, mabala sanapole mokwanira, ndipo ngati munthuyo angathe kudikira miyezi itatu ndi bwino koposa. Fupa limene linkagwira mano limayamba kuphwa mano akangochoka, mofulumira kwambiri m'miyezi yoyambirira, kenako pang'onopang'ono moyo wonse. Zili ngati mzere wa m'munda umene mvula ikuugumula chaka ndi chaka. Kafukufuku wa Antje Tallgren wa mu 1972, amene anatsatira anthu ovala mano oikirira kwa zaka zambiri, anapeza kuti mzere wa fupa wa nsagwada ya m'munsi umaphwa pafupifupi kanayi kuposa wa m'mwamba.

Funsani za shuga, chifukwa wa shuga wosatsika zilonda zimachedwa kupola. Funsani mankhwala amene akumwa: ena a BP ndi ena a matenda a maganizo amaumitsa m'kamwa, pamene malovu ndiwo amamatitsa mbale ya m'mwamba, chigawo chokhala pankhama chimene chimanyamula mano oikirirawo, monga magalasi awiri amakanirirana pakakhala madzi pang'ono pakati pawo. Ngati anavalapo mano oikirira kale, abwere nawo ngakhale ali othyoka. Amakuuzani zimene mwini wake anazolowera ndi zimene zinamulepheretsa.

Kenako valani magolovesi, muyang'ane ndi maso ndi chala chomwe. Fufuzani zitsa za mano zotsalira, fupa losongoka pansi pa nkhama, mzere wofewa wogwedezeka kutsogolo, ndi tizingwe ta mnofu tolumikiza milomo ndi masaya ku nkhama. Ngati ekisire ilipo, jambulani. M'kamwa mukakhala mofiira kapena muli zoyera za mafangasi, chizani kaye ndi mankhwala monga nystatin. Chilonda chimene chatha milungu itatu osapola, kapena chigamba choyera chosapukutika, makamaka kwa wosuta fodya kapena woika fodya wa phuno m'kamwa, si nkhani ya mano oikirira ayi. Mutumizeni akapimidwe khansa.

Pomaliza nenani zoona, ndipo muzinene lero, osati tsiku lopereka mano. "Agogo, mbale ya m'mwamba idzagwira ndithu. Ya m'munsi siidzagwira chimodzimodzi. Malo ake ndi ochepa, ndipo lilime limakhala pomwepo kuikankha. Mudzachita kuiphunzira." Mu 2002 akatswiri atakumana ku McGill University ku Montreal anagwirizana kuti njira yabwino kwa nsagwada ya m'munsi yopanda mano ndi mbale yogwirizidwa ndi zitsulo ziwiri zozikidwa m'fupa. Ambiri mwa anthu athu ndalama imeneyo alibe, choncho zonse zatsamira pa luso la manja athu. Auzeninso kuti maulendo ndi asanu, kuwonjezera obwera kudzaonedwa pambuyo pake, kuti akonzeretu ya minibasi.

Chidindo choyamba

Sankhani thireyi yolowetsera alginate m'kamwa, ya anthu opanda mano, imene ikusiya mpata wa mamilimita pafupifupi 5 kuzungulira mzere wonse. Ikafupika kumbuyo, iwonjezereni ndi phula. Alginate sakanizani ndi madzi ozizira motsatira muyezo wa pachitini, osati wongoganizira. M'mwezi wa Okutobala, makamaka kuchigwa cha Shire kapena kunyanja, madzi a pampopi amafunda mwakuti alginate imauma musanafike nayo pakamwa. Sungani botolo la madzi mufiriji.

Yambani ndi m'munsi, chifukwa simuchititsa mseru kwenikweni, ndipo munthu amayamba kukukhulupirirani. Imani kutsogolo kwake, lowetsani thireyi chopendeka, muuzeni akweze lilime, kanikizani pang'onopang'ono. Pochita m'mwamba imani kumbuyo, khazikani kumbuyo kwa thireyi poyamba kenako kutsogolo, kuti zotsalira zithawire kumilomo osati kukhosi. Amene akumva mseru aweramire kutsogolo, apume ndi mphuno, ndipo inu musasiye kulankhula naye.

Chidindo chabwino cha m'munsi chionetse kanyama kofewa ka kumapeto kwa mzere mbali zonse ziwiri, kamene timakatcha retromolar pad, ndi ngalande yonse ya pansi pa lilime. Cha m'mwamba chionetse timitumbira ta fupa ta kumbuyo ndi timipata ta kuseri kwake. Chikasowa chimodzi mwa izi, bwerezani. Alginate ndi yotchipa poyerekeza ndi ulendo wina wa agogo. Tsukani chidindo, chiviikeni m'mankhwala ophera tizilombo monga mwa malamulo a chipatala chanu, ndipo thiranimo pulasitala msanga. Mukachisiya pawindo chimafota, mukachisiya m'madzi chimafufuma. Ngati labu ili patali, chikulungeni m'nsalu yonyowa muchitsekere m'jumbo.

Pa chifanizo cha pulasitala chimene chatulukacho, wa kulabu ajambule malire ndi pensulo, mamilimita 2 asanafike pansi pa ngalande yozungulira mzere, ndipo apange thireyi ya munthu ameneyu yekha, ya acrylic, pulasitiki yolimba imene timapangiranso mbale. Ikhale yogwira chifanizo ngati pa chidindo chachiwiri mudzagwiritsa mankhwala odindira a zinc oxide eugenol, kapena yosiya mpata wa mamilimita 3 ngati mudzabwereza alginate. Chogwirira chake chisatukule mlomo.

Ulendo wachiwiri: apa ndiye pagona nkhani

Ndi ulendo umenewu umene anthu amakonda kuudumpha. Ndinaona pamalo ena pamene ndinkagwira ntchito ndikadali wachinyamata, mano akuphikidwa pa chidindo choyamba chomwecho pofuna kupulumutsa nthawi. Amayi ena anabwera kanayi ndi zilonda m'ngalande, ife tikungopala m'mphepete mwa mbale ulendo uliwonse, mpaka mbaleyo inafupika moti inkagwa akangoyasamula. Tinachita kuyambiranso, ndipo manyazi a tsiku limenelo sindinawaiwale.

Vuto lake ndi ili. Thireyi ya m'sitolo imakankha masaya ndi milomo kutali, ndiye ngalande imaoneka yakuya ndi yotakata kuposa mmene ilili munthu akamalankhula kapena kudya. Mbale yopangidwa pamenepo imatalika, minofu nkumaikankha. Mbale yofupika nayonso imalowetsa mpweya, osamata. Chimene tikufuna ndi malire enieni, pamene mnofu wosuntha ukukumana ndi wosasuntha, ndipo malire amenewo amajambulidwa ndi minofu ya mwini wake.

Yesani thireyi m'kamwa poyamba. Kokani tsaya ndi mlomo. Thireyi ikanyamuka, yatalika, ipaleni. Pamene pali tizingwe ta mnofu, dulani kampata kuti tidutse momasuka.

Tsopano tengani greenstick, ndodo yobiriwira yodindira imene imafewa ikatenthedwa. Ifewetseni pa lawi la nyali ya sipiriti, ipakeni m'mphepete mwa thireyi chigawo chimodzi chokha, iviikeni m'madzi ofunda kuti isawotche munthu, lowetsani. M'mwamba, kokerani tsaya kunja, pansi, ndi m'kati. Muuzeni asongole milomo ngati akuimba likhweru, kenako amwetulire kwambiri. Kumbuyo, ayasamule ndi kuyendetsa nsagwada kumanja ndi kumanzere, chifukwa fupa la nsagwada ya m'munsi limadutsa pafupi ndi pamenepo ndipo likhoza kumagwetsa mbale ikanenepa. Tulutsani muyang'ane. Greenstick imene yakhudza mnofu imaoneka yosalala, yozungulira, yosanyezimira. Ikatuluka ikunyezimira, sinakhudze kanthu, wonjezerani.

Malire a kumbuyo kwa mbale ya m'mwamba apezeni motere: munthu anene "aaa" mobwerezabwereza, inu muyang'ane kudenga kwa m'kamwa. Mudzaona pamene mnofu ukuyamba kunjenjemera. Lembani mzere umenewo ndi pensulo yosafufutika. Mbale ithere pamenepo. Ikapitirira imachititsa mseru, ikaperewera siimata.

M'munsi ntchito yaikulu ndi ya lilime. Anyambite mlomo wa m'mwamba kuchoka ngodya ina kufika ina, akhudze tsaya lamanja ndi lamanzere, akankhe kutsogolo kwa denga, ameze malovu. Musathamange. Mbali ya pansi pa lilime chakumbuyo ndiyo imapatsa mbale ya m'munsi kukhazikika kochepa kumene ingakhale nako, ndipo ambiri amaifupikitsa chifukwa choopa.

M'mphepete monse mukatha, thireyi ya m'mwamba izikana kutuluka mukaikoka. Mukamva kukana kumeneko, mwaipeza. Pakani Vaseline pamilomo ndi ndevu, sakanizani zinc oxide eugenol utali wofanana kuchokera m'machubu onse awiri, pakani mopyapyala, lowetsani, ndipo bwerezani mayendedwe onse aja mpaka iume. Kwa munthu wouma m'kamwa mankhwalawa amawotcha ndi kumatirira, choncho achukuche madzi poyamba kapena mugwiritse china. Kulabu, azungulize chidindocho ndi phula asanathire pulasitala yolimba ija ya dental stone, kuti kunenepa kwa m'mphepete kumene mwavutikira kusatayike.

Ulendo wachitatu: kutalika kwa nkhope ndi kalumidwe

Wa kulabu akubweretserani mbale zoyesera zokhala ndi mipanda ya phula m'malo mwa mano. Nthawi zambiri wa m'mwamba amaupanga mamilimita 22 kuchokera m'ngalande ya kutsogolo, wa m'munsi 18. Manambala amenewa ndi poyambira chabe.

Yambani ndi mpanda wa m'mwamba wokha. Yang'anani munthu cham'mbali: mlomo watukuka ngati wabisa chakudya, kapena ukadali wolowa m'kati? Wonjezerani kapena chotsani phula mpaka mlomo ukhale mwachibadwa. Milomo ikakhala phee, phula lionekere milimita 1 kapena 2 pansi pa mlomo, ndipo kwa okalamba kwambiri lingolingana nawo. Kenako ikani Fox plane, chipangizo chafulati choonetsa ngati mpanda wapendeka. Kutsogolo ilingane ndi mzere wa maso awiri. M'mbali ilingane ndi mzere wochoka pansi pa mphuno kupita pa kanyama ka pakhomo pa khutu. Mukalakwitsa apa, mano adzapendeka pankhope ndipo aliyense adzaona.

Tsopano kutalika. Munthu akhale tsonga, mutu osatsamira. Lembani kadontho pansonga ya mphuno ndi kena pachibwano. Anyambite milomo, ameze malovu, anene "mmm", kenako angokhala. Yezani pakati pa timadontho tija, katatu kapena kanayi, mukumucheza nkhani zina kuti aiwale zoti mukumuyeza. Munthu aliyense akapumula, mano ake sagundana. Pamakhala kampata ka mamilimita 2 mpaka 4. Choncho mipanda iwiri ikakumana, muyezo wanu uchepe ndi mamilimita amenewo poyerekeza ndi wa popumula. Dulani mpanda wa m'munsi mpaka zitheke, ndipo mipandayo ikumane paliponse nthawi imodzi.

Kampata kameneka ndimakaopa kuposa china chilichonse pa ntchitoyi. Mukakadya, mano amagundana munthu akamalankhula, kumveka kuti gwa gwa, nkhama zimapweteka paliponse popanda chilonda chimodzi choti nkuloza, nsagwada zimatopa pofika madzulo, ndipo fupa limaphwa msanga. Kupala m'kati mwa mbale sikuthandiza. Mukakakulitsa kwambiri, nkhope imakhalabe yofota, malovu amadikha m'ngodya za milomo nkuchita zilonda. Ngati mukukayika, kulakwira kofupikitsa pang'ono kumapiririka kusiyana ndi kotalikitsa.

Chotsatira ndi kupeza pamene nsagwada ya m'munsi imabwerera yokha. Munthu amene wakhala zaka wopanda mano anazolowera kutulutsa chibwano kutsogolo kuti nkhama zikumane. Mukamuuza kuti "lumani", adzachita zomwezo. M'malo mwake nenani kuti, "Bambo, pindani lilime likhudze kumbuyo kwenikweni kwa denga, ndiye tsekani pakamwa pang'onopang'ono." Ena zimawayendera akameza malovu potseka. Zala zanu zigwirize mbale ya m'munsi kuti isasunthe. Bwerezani mpaka azifika pamalo amodzimodzi nthawi zonse, dulani timipata pa mipanda, ikani phula lofewa kapena zinc oxide eugenol pakati, atseke, ziume. Musanatulutse, lembani paphula mzere wa pakati pa nkhope, ngodya za milomo, ndi pamene mlomo umafika akamwetulira.

Posankha mano, pitani naye pawindo, osati pansi pa getsi. Ambiri amaloza oyera kwambiri ngati pepala. Afotokozereni mwaulemu kuti pakhungu lakuda mano amaoneka oyera kuposa mmene alili m'dzanja, ndipo pa munthu wa zaka 70 oyera mbee amadziulula okha kuti ndi oikirira. Kukula kwa mphuno kumathandiza kudziwa pamene mano osongoka aja akhale. Koma choposa zonse ndi chithunzi chakale, chaukwati kapena china chimene akumwetulira. Ngati anali ndi mpata pakati pa mano akutsogolo ndipo ankaunyadira, afunseni ngati akuufuna. Ambiri maso amawala mukafunsa zimenezi.

Kulabu: kundandalika mano

Mangani zifanizo pa articulator, chipangizo chotseguka ndi kutsekeka ngati nsagwada, mipanda ikadali yomatana. Mano akutsogolo a m'mwamba atsate phula monga linasiyidwira kuchipatala. Kanyama ka kuseri kwa mano akutsogolo kamathandiza: nkhope ya mano awiri apakati imakhala mamilimita 8 mpaka 10 kutsogolo kwake. Mano otafunira a m'munsi akhale pamwamba penipeni pa mzere, pamene kukankha kwa tsaya ndi kwa lilime kukulingana. Mukawalowetsa m'kati, lilime limasowa malo nkumanyamula mbale. Kutalika kwawo kusapitirire magawo awiri mwa atatu a retromolar pad, ndipo musaike dzino pamene mzere wayamba kukwera chakumbuyo, chifukwa mbale idzatsetsereka munthu akaluma. Mano okwanira ndi 28, koma malo akachepa siyani dzino limodzi mbali iliyonse osachita mantha. Yendetsani articulator kumanja, kumanzere ndi kutsogolo, muone kuti mbali zonse zikukhudzana popanda dzino logwira lokha.

Ulendo wachinayi: kuyesa akadali paphula

Pemphani kuti abwere ndi munthu amene amamudziwa bwino, mwana kapena mnzake wa m'nyumba, chifukwa ndi amene adzanene kunyumba kuti "manowa si anu". Ndi bwino anene lero.

Yesani mbale iliyonse payokha, kenako zonse pamodzi. Akatseka, mano onse akumane nthawi imodzi monga akuchitira pa articulator. Lowetsani kampeni ka phula pakati pa mano otafunira. Ngati mbale ikunyamuka kuti ikumane ndi inzake, kalumidwe kanalakwika, jambulaninso. Yezaninso timadontho tija.

Ndiye alankhule Chichewa chenicheni, osati kuwerenga manambala a Chingerezi. Anene "fisi", "fodya", "mavuvu", "vwende": nsonga za mano a m'mwamba zingokhudza mlomo wa m'munsi pamene pouma pakumana ndi ponyowa. Anene "sesa", "masamba", "Salima", "sabata yamawa": mano ayandikane kwambiri koma asagundane. Akagundana, mwatalikitsa. Likhweru likamamveka pa "s", malo a lilime kuseri kwa mano akutsogolo achepa kapena asongoka. Mupatseni galasi, mumusiye aziyang'ane osamufulumiza. Lero kusuntha dzino ndi ntchito ya mphindi ziwiri ndi mpeni wotentha. Mano akaphikidwa, ndi ntchito yoyambiranso.

Musanabweze kulabu, palani kangalande kosaya, pafupifupi milimita 1, pa chifanizo cha m'mwamba motsatira mzere wa "aaa" uja. Acrylic imafota pang'ono ikamaphikidwa nkunyamuka kudenga, ndipo kamlomo kamene kangalandeka kadzapange ndiko kamatseka mpweya kumbuyo. Ntchito imeneyi ndi ya amene anaona m'kamwa, musaisiyire wa kulabu kuti aganizire.

Kuphika

Matirani mbale za phula pa zifanizo, muziike m'chikombole chachitsulo chija cha flask ndi pulasitala, theka loyamba, kupaka cholekanitsa, kenako theka lachiwiri. Ikauma, viikani chikombole m'madzi owira mphindi 4 kapena 5, tsegulani, chotsani phula, tsukani ndi madzi owira oyera mpaka lisatsale ngakhale pang'ono. Phula lotsalira pansi pa dzino ndilo limachititsa kuti dzino lidzagweluke pa mbale patatha mwezi. Pakani cold mould seal, mankhwala oletsa acrylic kumatirira, pa pulasitala, osakhudza mano.

Sakanizani ufa ndi madzi a acrylic yophika, pafupifupi miyezo itatu ya ufa pa umodzi wa madzi, vindikirani. Poyamba imakhala ngati mchenga wonyowa, kenako imatulutsa tizingwe ngati therere, kenako imafika ngati ufa wokanda wa mandasi umene sukumatirira zala. Pamenepo ndiye poika m'chikombole. Panikizani pang'onopang'ono, tsegulani, dulani zosefukira, panikizaninso mpaka zitsulo zikumane. Zikapanda kukumana, mbale imanenepa ndipo kampata kaja ka mamilimita 2 mpaka 4 kamadyeka.

Kuphika kuli njira ziwiri zodziwika: madigiri 74 kwa maola 8 kapena kuposerapo, kapena madigiri 74 kwa maola awiri kenako kuwiritsa ola limodzi. Musaponye chikombole m'madzi owira kale. Madzi a acrylic amawira pa madigiri pafupifupi 100, ndipo acrylic ikamalimba imatulutsanso kutentha kwakekwake, ndiye mukafulumiza mumatuluka timabowo m'malo onenepa a mbale. Mbale yotero imathyoka msanga ndipo imasunga fungo. Kumene magetsi amazimazima, konzeranitu gasi kapena mbaula ndi choyezera kutentha musanayambe, chifukwa acrylic yosapsa imasiya mankhwala owotcha m'kamwa. Pa chifukwa chomwechi sindivomereza kupanga mbale yonse ndi acrylic youma yokha ija ya cold cure. Imeneyo ndi yokonzera zothyoka.

Chikombole chizizire chokha pathebulo kwa theka la ola musanachiike m'madzi ozizira. Tulutsani mosamala, palani zosefukira, salalitsani kunja ndi ufa wa mwala wotchedwa pumice, koma m'kati mokhudza nkhama musapukutemo, ndipo m'mphepete musachepetse. Sungani mano m'madzi mpaka mwini wake abwere.

Ulendo wachisanu: kupereka

Yendetsani chala kapena thonje m'kati mwa mbale musanalowetse. Kakanthu kakang'ono kamene kakola thonje kadzaboola nkhama. Lowetsani imodziimodzi, funsani ngati pakupweteka. Pakani pressure indicating paste m'kati, kanikizani, tulutsani: pamene yafufutika ndi pamene pakupanikiza, palani pang'ono pokhapo. Kokani masaya ndi milomo muone ngati mbale ikunyamuka. Kenako ikani articulating paper, kapepala kosiya madontho pamene mano agundana, mbali zonse ziwiri nthawi imodzi, atseke, palani madontho ogunda msanga mpaka kulumana kufalikire mano onse otafunira. Zilonda zambiri za pamwamba pa mzere zimachokera ku kalumidwe, osati ku mbale, choncho musathamangire kupala m'kati.

Aphunzitseni kuvala ndi kuvula pagalasi, achite okha kawiri kapena katatu inu mukuona. Ndipo malangizo awa muwanene pamaso pa amene wawaperekeza, pang'onopang'ono, chifukwa tsiku limeneli munthu amakhala ndi chimwemwe, samva zonse.

"Agogo, masiku oyamba malovu adzachuluka ndipo mudzamva ngati m'kamwa mwadzaza. Zimenezo zimatha. Muziwerenga mokweza kapena kuimba nyimbo za kutchalitchi muli nokha, lilime lizolowere. Yambani ndi phala, nthochi, mapeyala, mbatata yophika, mazira, nsima yofewa ndi ndiwo zamasamba. Dulani nyama tizidutswa ting'onoting'ono. Muziika chakudya mbali zonse ziwiri nthawi imodzi, ndipo musalume ndi mano akutsogolo, chifukwa mbale imanyamuka kumbuyo. Kondowole amamatirira, mudikire kaye. Nzimbe ndi chimanga chokazinga, zimenezo musiyire adzukulu. Samalani ndi minga ya nsomba ndi tiyi wotentha, popeza denga laphimbika ndipo simumva msanga.

"Usiku muzivula. Nkhama nazo zimafuna kupuma, ndipo amene amagona nawo ndi amene amadwala mafangasi pansi pa mbale. Tsukani ndi mswachi wofewa ndi sopo wamba, osati mankhwala otsukira mano, phulusa kapena mchenga, chifukwa zimakanda. Potsuka ikani beseni la madzi pansi pake kuti akapulumuka asasweke pasimenti. Agone m'kapu ya madzi ozizira. Madzi otentha amawapinda. Kamodzi pa sabata mukhoza kuwaviika mphindi 10 m'kapu ya madzi yothira supuni yaing'ono imodzi ya Jik, kenako muwatsukuluze kwambiri. Nkhama, lilime ndi denga muzipukutanso ndi mswachi kapena kansalu koyera."

Apatseni tsiku lobwera mawa lake ngati amakhala pafupi, ndipo asapitirire sabata ngati amachokera kutali. Auzeni kuti pakapweteka kwambiri avule, koma awavalenso maola angapo asanabwere, kuti chilonda chidzakuonetseni malo enieni opala. Aletseni kupala okha ndi mpeni kapena fayilo, ndipo mbale ikathyoka asamate ndi super glue. Guluu ameneyo amawononga m'mphepete mwa pothyokapo moti zidutswa sizilumikizananso bwino. Azikulunge m'kansalu abwere nazo zonse, ngakhale kakang'ono kwambiri.

Pambuyo pake azibwera kamodzi pachaka, ngakhale palibe chowawa. Mzere uja ukupitirizabe kuphwa pansi pa mbale, ndipo ikayamba kugwedera imafunika kuwonjezera acrylic m'kati mwake. Ambiri amafunika mano ena atsopano pakatha zaka 5 mpaka 10. Pa ulendo uliwonse wotero, vulani mano onse awiri muwaike pambali, muyatse getsi, mukweze lilime ndi kansalu, muyang'ane pansi pake ndi m'mbali mwake musanayang'ane mbale.